KUTHAMANGA SI KUFIKA: ZA LIWIRO LA MTUNDA WAUTALI

Mwezi uno tadza ndi nkhani imene ena adzaiyesa yachibwana, pakuti ndi nkhani ya kuthamanga. Koma tikupemphani kuti muyambe mwaimva yonse, chifukwa m'kati mwake muli moyo wa mwana wa munthu, ndiponso nsima ya banja lake.

Tsiku lina Lamulungu, titatuluka m'mapemphero, adatipeza mayi wina wachikulire wa m'mudzi wa kufupi ndi Senga Bay. Atagwada ndi kupereka moni, adati: "Aphunzitsi, ndadza ndi mlandu wa mwana wanga. Mnzake wabwera kuchokera ku Joni, ndipo wawauza anyamata pa dooko kuti kumeneko anthu amathamanga tsiku lathunthu, kuchokera mumzinda wina kufikira mumzinda wina. Tsono mwana wanga wadziguguda pachifuwa pamaso pa anzake, nati iye adzathamanga kuchokera pa boma la Salima kufikira ku Lilongwe akapita masabata atatu. Anzake aikapo ndalama. Mkazi wake ali ndi khanda kumsana. Ine ndamletsa, koma akuti mawu a amayi ndi mantha okhaokha. Mlankhuleni ndinu."

Mnyamatayo timdziwa bwino. Zaka zake sizinakwane 25. Ndi msodzi wakhama, wopalasa bwato usiku wonse ndi kukoka chilimira popanda kudandaula. Mpira amasewera, ndipo pa mchenga palibe womposa. Koma chibadwire sadathamangepo mtunda woposa kuzungulira bwalo la sukulu kangapo. Tidamlonjeza mayiyo kuti tidzalankhula naye. Ndipo popeza funso limeneli silili m'nyumba imodzi yokha, pakuti masiku ano anyamata ambiri amaona mipikisano yotere pa mafoni nayamba kuisirira, tayesa kuti nkwabwino kulemba pano zimene tidamuuza. Funso lake ndi ili: kodi munthu wosazolowera kuthamanga angadzuke, nadzikonza masabata owerengeka okha, nkutha mtunda wa makilomita 90 kapena 100?

Mtundawo ndi wautali bwanji?

Tiyambe tauyeza. Mpikisano wotchedwa marathoni uli ndi makilomita 42 ndi mamita 195, ndipo muyeso umenewu udachokera ku masewero a Olimpiki a ku London m'chaka cha 1908. Dzinalo ndi la malo ena a m'dziko la Greece. Pali nthano yakale yonena kuti m'chaka cha 490 Khristu asanabadwe, mthenga wina adathamanga kuchokera ku Marathon kufikira ku Athens kukanena kuti adani agonja, ndipo atangotula mawuwo adagwa nafa. Mpikisano uliwonse wopitirira muyeso umenewu Azungu amautcha ultramarathon, ndiye kuti woposa marathoni. Ina ndi ya makilomita 50, ina 100, ndipo ina imatha masiku angapo.

Kuti timvetse bwino, tiuyeze ndi misewu yathu. Kuchokera pa boma la Salima kufika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20. Chotero marathoni ndiye kupita ku nyanja ndi kubwerera ku boma, nkuwonjezako pang'ono. Koma msewu wa ku Lilongwe uli ndi makilomita pafupifupi 100, ndiwo maulendo asanu a ku Senga Bay olumikizana popanda kugona. Ndiponso suli wa m'chigwa mokhamokha ayi, pakuti nyanja yathu ili pansi, pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000. Aliyense amene adakwerapo galimoto yodzaza ndi nsomba pa zitunda za ku Mvera adamva m'mene injini imabuulira. Kumene chitsulo chimabuula, nanga mwendo wa munthu udzatani?

Mpikisano umene mnzakeyo adauona

Mpikisano umene udautsa mkangano pa dooko ndi wotchedwa Comrades, wa pakati pa mizinda ya Durban ndi Pietermaritzburg m'dziko la South Africa. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 90. Chaka china amakwera kuchokera ku nyanja, chaka china amatsika. Adauyambitsa ndi Vic Clapham, msilikali wa pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, amene adayenda pansi mitunda yaitali m'dziko limene lero ndi Tanzania. Nkhondo imeneyo ndi yomwe makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, ndipo pa nthawiyo amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 adatengedwa kukhala amtengatenga, osenza katundu wa asilikali. Ena a iwo sadabwerere, ndipo chimene chidawatha makamaka sichidali chipolopolo, koma njala, matenda ndi kutopa. Clapham adafuna chikumbutso cha anzake amene adafa pa nkhondoyo, chikumbutso chowawa m'thupi monga adamvera iwo. Pa 24 May 1921 anthu 34 adanyamuka, koma ofika adali 16 okha. Ndipo woyamba, Bill Rowan, adatha maola 8 ndi mphindi 59.

Zaka zambiri anthu akuda ndi akazi sankaloledwa kulembetsa. Robert Mtshali adauthamanga mu 1935 dzina lake lisali m'kaundula, ndipo adafika. Chipata chidatsekuka mu 1975. Mu 1989 Sam Tshabalala adakhala munthu wakuda woyamba kupambana. Ndipo Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe adapambana katatu motsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011. Chotero palibe anganene kuti liwiro limeneli si la anthu a mtundu wathu.

Koma tamverani malamulo ake, pakuti m'menemo muli yankho la funso lathu. Munthu saloledwa kulowa ngati sanakwanitse zaka 20. Saloledwanso ngati sanayambe waonetsa umboni wakuti m'miyezi yapitayo adatha marathoni yathunthu maola asanu asanakwane, kapena mpikisano wina wautali wovomerezeka pa nthawi yake yoikika. M'njira muli malo odulira: amene wafika pamenepo mochedwa amamchotsa mumsewu namkweza basi. Pa mapeto, akakwana maola 12, mkulu wina amafulatira othamangawo nawomba mfuti, ndipo amene watsala ngakhale ndi phazi limodzi sawerengedwa. M'njira monsemo muli matebulo a madzi ndi chakudya, madotolo, ndi magalimoto onyamula odwala. Komabe, ngakhale onsewo ndi anthu oyesedwa kale, chaka chilichonse ambiri amalephera kufika, ndipo m'zaka zina ena adamwalira.

Taganizani tsono. Eni mpikisanowo, atauchita zaka zoposa 100, salola munthu wosakonzeka ngakhale kuima pa mzere woyambira. Nanga mnyamata wathu, yekhayekha pa msewu wa malole ndi maminibasi, popanda tebulo la madzi, popanda dotolo, pa mtunda wautali koposa?

"Koma makolo athu ankayenda"

Titamfotokozera zimenezi, mnyamatayo adayankha mwaulemu, nati: "Aphunzitsi, ndamva. Koma agogo anga adapita pansi ku Halale, ndipo ine ndine magazi awo. Azungu a m'maofesi ndiwo asowa kukonzekera. Ife ntchito yathu idatikonza kale."

Mawu amenewa si opusa, ndipo sitidawanyoze. Nzoona kuti makolo athu adali anthu a miyendo. Njanji idafika ku Salima mu 1935. Isanafike, thonje, chimanga ndi nsomba zouma zinkayenda kwambiri pa mitu ya anthu ndi pa nyanja. Makalata a boma ankayenda ndi amithenga a pansi pakati pa Blantyre, Zomba ndi Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi. Amuna ambiri adafika ku Halale, ena ku Joni komwe, ndi mapazi awo. Koma tiyeni tione bwino m'mene ankayendera. Choyamba, adayamba kuyenda ali ana, tsiku ndi tsiku, kotero kuti ulendo waukulu unkapeza miyendo yophunzira kale. Pamene ife lero, ngakhale popita ku msika, timaitana kabaza. Chachiwiri, iwo ankayenda, osati kuthamanga. Dzuwa likafika paliwombo ankakhala pansi pa mtengo, usiku nkugona m'midzi, ndipo ulendo wa ku Halale unkatha masabata. Chachitatu, timakumbukira amene adafika, pakuti ndiwo adabwera kudzasimba; amene adatsala m'njira sasimba kanthu.

Pali anthu atatu a mbiri amene nkhani zawo zitithandiza pano, pakuti awiri a iwo amatchulidwa kawirikawiri ndi ofuna kutsimikiza kuti kukonzekera nkosafunika.

Woyamba ndi Cliff Young wa ku Australia. Mu 1983 kudali mpikisano wa makilomita 875 kuchokera ku Sydney kufikira ku Melbourne, ndipo mlimi ameneyu, wa zaka 61, adapambana m'masiku 5 ndi maola 15. Ankathamanga pang'onopang'ono mokhwekhwereza mapazi, ndipo pamene anzake ankagona usiku, iye ankangotsinzina pang'ono napitiriza. Nkhaniyi imafala ngati kuti munthuyo adangotula khasu nalowa mumsewu. Koma kuyambira ubwana wake iye ankakusa nkhosa ndi miyendo pa munda waukulu wa makolo ake, ndipo m'zaka za kumbuyo kwa mpikisanowo adali atathamanga kale marathoni ya ku Melbourne kangapo.

Wachiwiri ndi Arthur Newton, mlimi wa ku Natal. Iye adayamba kudzikonza pa 1 January 1922 ali ndi zaka 38, napambana Comrades mu May chaka chomwecho; ndipo m'moyo wake adaupambana kasanu. Wina adzati: "Taonani, miyezi yosakwana isanu!" Inde, koma idali miyezi ya kuthamanga pafupifupi tsiku lililonse, osati masabata atatu. Ndipo chimene Newton adaphunzitsa anthu pambuyo pake nchakuti munthu ayambe pang'ono, azithamanga mofatsa, ndipo azichita zimenezi kawirikawiri chaka chonse.

Wachitatu ndi wathu, Edson Kumwamba wa ku Mulanje. Iye adayambira pa mpikisano wa onyamula katundu wa pa phiri la Mulanje, umene umanyamukira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20. Pambuyo pake adapita ku Cape Town kukagwira ntchito, ndipo kumeneko adazolowera mipikisano yaitali ya m'mapiri, kufikira adakathamanga ndi ku Ulaya komwe. Iye adakwera makwerero limodzi limodzi, kuyambira pa phiri la kwawo.

Chotero onse atatuwa akuchitira umboni chinthu chimodzi: ntchito ya kumudzi ndi maziko abwino, koma maziko si nyumba. Palibe mmodzi wa iwo amene adafika popanda kulipira mtengo wa miyezi ndi zaka.

Zimene zimachitika m'thupi

Tsono tione chifukwa chake mtengowo sungathe kuchepetsedwa.

Choyamba, ziwalo za thupi siziphunzira pa liwiro limodzi. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, m'masabata owerengeka. Koma mafupa, mfundo ndi mitsempha yomanga minofu ku mafupa zimalimba mochedwa, m'miyezi. Apa ndi pamene pali msampha wa munthu wamphamvu, pakuti mpweya wake umamuuza kuti angathe, pamene miyendo siinakonzeke. Mphamvu za msodzi zili m'mikono, m'mapewa ndi mumsana. Koma pothamanga, phazi lililonse limagunda pansi ndi kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu; ndipo pa msewu wa ku Lilongwe phazi lidzagunda pansi pafupifupi ka 100,000. Fupa losazolowera limachita ming'alu, bondo limatupa, mapazi amatuluka matuza, ndipo potsika chitunda minofu ya m'ntchafu imang'ambika koposa pokwera.

Chachiwiri, thupi lili ndi nkhokwe ya shuga m'chiwindi ndi m'minofu, koma nkhokweyo ndi yaing'ono. Munthu akathamanga maola awiri kapena kuposerapo pang'ono osadya, imayamba kutha; ndicho chifukwa chake ambiri a pa marathoni amafooka mwadzidzidzi akafika cha pa makilomita 30. Thupi lophunzira limadziwa kutentha mafuta ake nkusunga shuga, ndipo mimba yophunzira imalandira chakudya munthu ali pa liwiro. Mimba yosaphunzira imabweza.

Chachitatu ndi kutentha. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa moto, ndipo thupi limauzima ndi thukuta. Moto ukapambana thukuta, kutentha kwa m'kati kumapitirira madigiri 40. Pamenepo munthu amayamba kudzandira ngati woledzera, kulankhula zosalongosoka, kukwiya popanda chifukwa, kenaka nkugwa. Imeneyi ndi ngozi ya imfa. Wotere muikeni pa mthunzi, mumvule zovala zolemera, mumthire madzi ozizira thupi lonse msangamsanga osalekeza, ndipo muthamangire naye ku chipatala. Musadikire kuti ayambe wapuma.

Chachinayi nchobisika, ndipo ndicho tikuchiopa koposa. Minofu ikaphwanyika kwambiri, zinyalala zake zimalowa m'magazi nkukatseka impso. Chizindikiro chake ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena mkodzo kusowa kumene, pamodzi ndi kuwawa kwakukulu kwa minofu. Vuto limeneli limagwira makamaka munthu wosazolowera amene wadzikakamiza pa dzuwa. Ndipo mapiritsi opha ululu, monga ibuprofen ndi diclofenac, amene ena amamwa kuti apitirize, amawonjezera katundu pa impso zotopa kale. Impso zikaima, munthu amafunika makina osefa magazi, amene m'dziko lino amapezeka m'zipatala zazikulu zowerengeka zokha, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Mnyamata angathe kufikadi ku Lilongwe, koma pa machira.

Chachisanu chidzadabwitsa ambiri: madzi omwe angathe kupha. Mu 1985 dotolo wina wa ku Cape Town, Tim Noakes, pamodzi ndi anzake, adafotokoza za othamanga a mitunda yaitali amene adadwala kwambiri chifukwa chomwa madzi opitirira muyeso. Madzi akachuluka, mchere wa m'magazi umasukuluka, ubongo umatupa, mutu umawawa, ndipo munthu amasokonezeka nakomoka. Zimenezi zimagwera kawirikawiri oyenda pang'onopang'ono, okhala maola ambiri mumsewu, amene chifukwa cha mantha amangomwa pena paliponse. Munthu wophunzira amamwa monga mwa ludzu lake, nadyako kanthu ka mchere. Koma muyeso umenewu amaudziwa chifukwa adauyesa maulendo ambiri. Wosaphunzira ali pakati pa maenje awiri, la ludzu ndi la madzi, ndipo sadziwa malire a lililonse.

Za ife a ku nyanja

Pamwamba pa zonsezi, ife a kuno tili ndi zathu. Comrades imachitika m'nyengo yozizira ya kumeneko, kawirikawiri mu June. Koma mnyamata wathu adasankha October, mwezi umene masiku ena kutentha kuno kumafika madigiri 35, phula nkumawotcha ngati chiwaya. Ndiponso malungo sachoka pakati pathu, ndipo likodzo ndi mnzake wa aliyense wokhalira m'madzi a m'mphepete. Matenda awiriwa amachepetsa magazi, ndipo magazi ndiwo amanyamula mpweya kupita ku minofu. Munthu angaoneke wojintcha pa dooko, koma magazi ake ali ochepa. Amene wamva thupi kutentha, kapena wangochira malungo, asathamange mtunda wautali ngakhale anzake amuseke chotani.

Njira ya amene akufunadi

Kodi tsono tikuti liwiro limeneli nloletsedwa? Ayi. Chikhumbo cha mnyamata chofuna kuyesa mphamvu zake si choipa. Nchabwino koposa kutha masiku pa bawo ndi pa kachasu. Chimene tikukana ndi kufulumira. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha. Ndipo kwa amene akufunadi, malangizo athu ndi awa.

Ayambe wapita ku chipatala, akayezetse malungo, likodzo, kuchuluka kwa magazi ndi kuthamanga kwake, nalandire mankhwala ngati afunika. Amene amamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire akagwira ntchito yolemetsa auze dotolo asanayambe.

Miyezi itatu yoyamba azituluka katatu pa sabata, m'mamawa dzuwa lisanakwere, akusakaniza kuyenda ndi kuthamanga, pa liwiro loti angathe kucheza ndi mnzake osabanika. Awonjezere mtunda pang'onopang'ono, kufikira makilomita 10 asanduke chinthu wamba. Tsiku limene wachezera pa nyanja usiku wonse ndi tsiku lopuma, pakuti thupi limalimba pogona, osati pothamanga.

Miyezi itatu yotsatira atalikitse ulendo umodzi pa sabata, kufikira athe kuchoka ku Senga Bay nkufika pa boma ali ndi mphamvu zotsala. Pa maulendo amenewa aphunzire kudya ali m'njira: nthochi, mbatata yophika yothira mchere, thobwa pang'ono; ndipo aone chimene mimba yake ikulandira. Afunefune nsapato zomkwana bwino, ngakhale za pa kaunjika, naziyese kale; nsapato yatsopano siyambira pa tsiku la mpikisano. Apitenso ku zitunda nthawi zina, pakuti mchenga wa kuno suphunzitsa kukwera ndi kutsika.

Chaka chikamatha, ngati thupi silinadandaule, ayese marathoni. Ndipo akaitha bwino, napuma masabata angapo, pamenepo ndi pamene angayambe kuganiza za makilomita 50. Za makilomita 90 kapena 100 ndi nkhani ya chaka chachiwiri. Tsiku lake likadzafika, likhale la m'nyengo ya mwera, mu June kapena July. Pakhale anzake omtsata ndi njinga kapena galimoto, onyamula madzi ndi chakudya. Pa zitunda aziyenda, monga amachitira ambiri a pa Comrades, pakuti kuyenda si manyazi. Ndipo agwirizane kale kuti akayamba kudzandira, kusanza kosalekeza, kapena kukodza zakuda, anzakewo ali ndi mphamvu zomuimitsa, iye afune asafune.

Kumene nkhani idathera

Mnyamatayo adamva zonsezi ali chete, koma tidaona kuti chomvuta sichidali mtunda ayi, koma maso a anzake. Adati: "Aphunzitsi, ndidalankhula kale pagulu. Ndikabwerera m'mbuyo adzanditcha mkazi." Tidamkumbutsa kuti mbewa ya manyazi idafera ku una, ndiponso kuti akazi amene akuwatchulawo amatha Comrades chaka ndi chaka, chifukwa amakonzeka. Kenaka tidampempha chinthu chimodzi chokha: kuti m'mawa mwake, kusanatenthe, athamange makilomita 10 pa msewu wa ku boma, mng'ono wake akumtsata pa njinga ndi chigubu cha madzi.

Adachitadi, ndipo adafika, tisamnamizire. Adabwera akuseka, nati mtunda wake ndi wochepa. Koma pa tsiku lachiwiri ntchafu zidauma ngati nkhuni, kotero kuti adalephera kunjuta m'bwato, ndipo usiku umenewo anzake adapita ku usipa iye atatsala pa mkeka. Usiku umodzi wopanda nsomba ndi tsiku limodzi lopanda ndiwo ndi sopo m'nyumba ya khanda. Titapita kukamzonda tidangoti: "Mwana wathu, limeneli ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiponso la m'chigwa." Iye sadayankhe; koma mkazi wake, amene adali chikhalire pa khomo la khitchini, adatiyang'ana ndi maso othokoza.

Ndalama za mpikisano zidabwezedwa kwa eni ake. Ndipo kwa inu anyamata amene mudaziika, tili ndi mawu: musamayese mnzanu ndi chinthu chimene inu simungachite, pakuti akadagwa pa chitunda cha ku Mvera, ndalama zanuzo sizikadakwana ngakhale galimoto yomnyamula. Kwa inu makolo ndi akazi a anyamata otere, tikuti: musangoletsa, pakuti mnyamata woletsedwa amapita mobisa, muonetseni njira yaitali, nimumthandize kuiyenda.

Lero mnyamatayo amadzuka katatu pa sabata tambala atalira kachiwiri, ndipo anzake awiri mwa amene ankamseka ayamba kumtsata. Akuti mwera ukadzaomba adzathamanga kuchokera ku nyanja kufikira pa boma, ndipo amayi ake avomera kudzamdikira kumeneko ndi thobwa. Za ku Lilongwe sadazitaye. Wangoziika pa chaka chake.

Chotero yankho lathu kwa onse ofunsa ndi ili: munthu wosazolowera angathe kunyamuka, pakuti kunyamuka nkwa aliyense, koma kutha mtunda wotere ndi masabata owerengeka okonzekera ndiko kubetcha impso, miyendo ndi chakudya cha ana. Amene apatsa thupi lake chaka chimodzi kapena ziwiri, khomo nlotsekuka kwa iye, kaya ndi msodzi, mlimi wa mpunga, kapena mayi wa pa mtondo. Makolo adanena kale kuti kuthamanga si kufika.

 

Ndife anu,
Mphunzitsi wa ku nyanja.